Mpasa ya Mfumu Mdyeratu

Ufumu wa Zilibwino unali ndi mtsinje umodzi waukulu, dzina lake Musafunse. Chaka ndi chaka, mvula ikamatha, mpasa zinkakwera mtsinjewo kupita kumtunda kukaswana, ndipo zinkachuluka moti amayi ochapa zovala pamwala ankachita kuzikankha ndi mwendo. Anthu a m'mbali mwa mtsinje ankapha zoti adye, zina n'kuwamba, zotsala n'kukagulitsa pa msika wa Tingoona. Palibe amene ankadziwa kuti moyo umenewu unali umbuli, mpaka pamene Mfumu Mdyeratu Wachiwiri inabwerako ku ulendo wa kunja.

Kunjako Mfumu inaona chinthu chimene chinaisowetsa mtendere. Inaona anthu olemera, okhuta kale, akulipira kuti agwire nsomba ndi mbedza, aipsompsone, ajambulitse nayo chithunzi, kenako n'kuibwezera m'madzi. Itangofika ku likulu la Mpandowanga inaitanitsa nduna zonse.

"Ife kuno nsomba timaigulitsa kamodzi, munthu n'kudya, basi yatha," inatero Mfumu. "Anzathu nsomba imodzimodziyo amaigulitsa lero, mawa n'kuigulitsanso. Wopusa ndani pamenepa?"

Nduna zinayang'anana, chifukwa funso la Mfumu linkatha kumuchotsa munthu ntchito. Amene analimba mtima anali a Kachipapa, bambo amene nthawi imeneyo analibe unduna weniweni koma ankapezeka pa msonkhano uliwonse wokhala ndi chakudya.

"Opusa ndi anthu anu, Mwini Dziko," anatero a Kachipapa. "Chuma cha dziko akuchidya ndi tomato."

Tsiku lomwelo a Kachipapa anakhala Nduna ya Nsomba, Nyama, Mbalame ndi Alendo Odzaziona. Mmawa mwake mthenga wa kunyumba ya Mfumu anaimika galimoto pakati pa msika wa Tingoona n'kulengeza pa chimkuzamawu: "Kuyambira lero mtsinje wa Musafunse ndi wa maso, si wa pakamwa. Aliyense wogwira nsomba aigwire, aijambule, aibweze. Wopanda kamera asagwire."

Pamsikapo panali mayi wina wogulitsa mpasa zowamba, dzina lake Nangondo. Anapukuta manja ku chitenje n'kuyandikira galimotoyo.

"Pepani achimwene, tamva. Nanga ndiwo?"

"Lamuloli silinanene za ndiwo, mayi."

"Chithunzicho n'chokazinga kapena chothira nsinjiro?" anafunsa bambo wina wokonza njinga, nkhope ili duu. Mthengayo anati funsolo akalipereka kwa akuluakulu, ndipo galimoto inanyamuka.

Nangondo anayamba kugulitsa bonongwe. Mwamuna wake, Wedisoni Mtambalika, amene anayamba usodzi asanamere ndevu, analandidwa bwato ndi maukonde. Maukondewo anatenthedwa pamaso pa atolankhani. Bwatolo linapakidwa penti yobiriwira n'kulembedwa kuti Tisamale Chilengedwe.

Ntchito yosamala chilengedwe inayamba ndi mphamvu. Pa gombe labwino kwambiri anamangapo loji ya alendo, ndipo mitengo yonse ya m'mbali mwa mtsinje inagwetsedwa kuti alendowo aziona chilengedwe popanda chowatchinga. Mlamu wake wa Mfumu anapatsidwa chilolezo chochita kafukufuku wa mpasa. Iye anatchinga mtsinje wonse kumunsi ndi maukonde, ndipo mmawa uliwonse lole yodzaza kafukufuku inkapita ku Mpandowanga, kumene kafukufukuyo ankagulitsidwa m'mahotela pamodzi ndi tchipisi.

Nyama za m'nkhalango nazo sizinaiwalidwe. Unduna unkachititsa misonkhano yokambirana za kuchepa kwa nyama, ndipo popeza munthu sangakambe nkhani yaikulu chonchi ali ndi njala, pa msonkhano wa kuchepa kwa njati panaphedwa njati, pa wa mbawala panaphedwa mbawala. Zinatsala mvuu zokha, chifukwa dokotala wa Mfumu anati mafuta ake amathamangitsa magazi. Mvuuzo zinkadya chimanga m'madimba a anthu, alonda a nkhalango ataima poteropo ndi mfuti kuonetsetsa kuti mwini dimba asazisokoneze pakudya. Alendo odzaona nyama ankawakweza m'bwato, atakolowekera magalasi oonera patali m'khosi, ndipo wowaperekeza ankaloza malo n'kumati, "Apa ndi pamene njovu zinkamwera madzi." Alendowo ankajambula malowo.

Pofika chaka chachitatu mu Musafunse munalibe mpasa. Alendo ankabwerabe nyengo yake ikakwana, ndi ndodo zawo zowedzera zonyezimira, koma ankabwerera kwawo atapsa ndi dzuwa, osagwira ngakhale nkhanu. A Kachipapa anayamba kuonda. Mfumu inali itaitana kale Bungwe la Abwenzi a Zam'madzi, lochokera ku maiko ozizira, kuti lidzaonerere iyo ikugwira mpasa pa Tsiku la Mbedza ya Mfumu, lotsekera nyengo.

Nthawi yomweyi mwana wamkazi wa Mtambalika, Esinati, anachira mwana wake woyamba. Mkaka sunkatuluka bwino, ndipo khandalo linkalira mpaka mawu kutha. Anamwino a kuchipatala anati mayiyo azidya zakudya zopatsa mphamvu, monga nsomba. Mtambalika anathokoza anamwinowo chifukwa cha malangizo, n'kupita kunyumba kukasolola mbedza imene anaibisa kudenga.

Anakhala m'bango mmawa wonse. Dzuwa litakwera chingwe chinakoka, ndipo atalimbana nayo anatulutsa mpasa yaitali ngati mkono wake. Asanaimenye mutu, alonda a nkhalango anatulukira. Iwo anali akuperekeza mvuu ku dimba lina. Anamumanga, nsombayo n'kuiika m'beseni la madzi kuti ikakhale umboni, ndipo onse awiri anawatengera ku loji kumene a Kachipapa ankamwa tiyi.

Nduna itasuzumira m'besenimo inaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Ili moyo?"

"Ili moyo, Bwana Nduna," anayankha mkulu wa alonda. "Mkaidiyunso ali moyo."

"Za iyeyo sindinafunse." A Kachipapa anagwada pafupi ndi beseni ngati munthu wopemphera. Kenako anatembenukira kwa Mtambalika. "Iwe, ukudziwa kuti mlandu wako ndi wokakhala ku ndende ya Simubwerako?"

"Ndikudziwa, Bwana Nduna. Kungoti kunyumba kuli khanda."

"Khanda si vuto la unduna uno. Koma ine ndi munthu wachifundo. Kuyambira lero ndiwe mlonda wa nsomba imeneyi. Ikadwala, wadwala. Ikafa, ukawolera ku Simubwerako."

Kumunsi kwa loji kunali dziwe lakuya. Analitchinga ndi waya wa sefa pansi pa madzi, kumtunda ndi kumunsi, n'kuikamo mpasayo. Nduna inaipatsa dzina loti Chitukuko. Inalamulanso kuti nsombayo isamapatsidwe chakudya, kuti ikaona nyambo izithamangira. Njira imeneyi sinali yachilendo, boma la Zilibwino linkaigwiritsa kale ntchito pa anthu nthawi ya misonkhano.

Ntchito ya Mtambalika inali yosavuta. Ankakweza mlendo m'bwato lake lomwe lija lobiriwira, n'kumuzungulitsa m'mabango mpaka mlendoyo atasokonekera mutu, kenako n'kumufikitsa padziwepo. Mlendo akaponya mbedza, Chitukuko ankadya. Mlendo ankakuwa m'chinenero chake, n'kumupsompsona Chitukuko pamphuno, chithunzi n'kujambulidwa, nsomba n'kubwerera m'madzi. Masana ankabwera mlendo wina, ndipo Mtambalika ankamufikitsa padziwe lomwelo kudzera mbali ina.

Mlendo wina wachikulire, amene anawedza masiku awiri otsatizana, anaiyang'anitsitsa nsombayo n'kunena kuti ikufanana ndi ya dzulo, mpaka chipsera cha pamlomo. Wowaperekeza alendo anamufotokozera kuti mpasa za ku Zilibwino zonse ndi zapachibale.

Wailesi ya Ufumu inalengeza kuti chifukwa cha nzeru za Mwini Dziko, mpasa zachuluka kuposa kale lonse, ndipo alendo agwira mazanamazana. A Kachipapa ananenepanso. Pa msika wa Tingoona, pamene chinsinsi cha boma chinkafika msanga kuposa nyuzipepala, anthu anamvetsera nkhaniyo mwaulemu.

"Ndiye musamati kuno kulibe chitukuko," anatero wokonza njinga uja. "Chilipo. Kungoti n'chimodzi, ndipo amachigwira ndi alendo."

Malipiro a Mtambalika anali zotsala za m'mbale za alendo. Ankazikulunga m'pepala n'kupita nazo kwa Esinati, ndipo khanda linayamba kugona. Koma iye mwini anasiya kulankhula kunyumba. Kutatsala pang'ono kuti Tsiku la Mbedza ya Mfumu lifike, Nangondo anamupeza atakhala kuseri kwa nyumba, akuyang'ana pansi.

"Abambo a Esinati, mwakhala ngati mwaferedwa. Kwagwanji?"

"Chitukuko sakupeza bwino."

"Nsomba ija? Ine ndikamatsokomola simukhala chonchi."

"Mlomo wonse unang'ambika. Mbedza ikulowa pabala lomwelo. Ndiponso ndi yaikazi. Mimba yadzaza mazira. Tsiku lonse imangodziguguda pa waya wa kumtunda, ikufuna kukwera kukaswa. Mutu wonse mabala."

Nangondo anakhala pansi pambali pake. "Ndiye tamverani. Nsombayo ifa basi, kaya mawa kaya mkuja, ndipo ikafa inu mukupita ku Simubwerako. Bwanji osangobwera nayo kuno? Tiwauza kuti yadyedwa ndi ng'ona. Mukamapita kundendeko mupite mutadya."

"Ng'ona zinatha pa msonkhano wa ng'ona."

"Ndiye mutani?"

"Sindikudziwa, mayi. Ndapha mpasa moyo wanga wonse, sindinamvepo chisoni. Koma sindinaphepo imodzi kambirimbiri chonchi."

Tsikulo litafika, gombe la loji linadzaza. Ana a sukulu anabwera nawo pa malole kuti adzagwedeze timbendera. Amayi ovala chitenje cha nkhope ya Mfumu ankaimba nyimbo yatsopano yoyamikira mpasa chifukwa chomvera boma. Pansi pa tenti panakhala mayi wamtali wa Bungwe la Abwenzi a Zam'madzi, atavala chipewa chachikulu, womasulira ali pambali pake.

Anthu asanadzaze, Mtambalika anatumidwa kukaona ngati Chitukuko ali wokonzeka kulandira Mfumu. Anamupeza pa waya wa kumtunda, akukankha ndi mutu mofooka. Anayang'ana kugombe, kumene alonda anali otanganidwa kukonza kapeti yofiira pamatope. Anatsika m'bwato, madzi n'kumufika m'khosi, ndipo anazula zikhomo ziwiri zogwira wayayo. Nsombayo inaima kanthawi pampatapo ngati sikukhulupirira, kenako inapita. Mtambalika anakweranso m'bwato n'kukauza Nduna kuti zonse zili bwino, monga mmene nzika iliyonse ya dzikolo inkayankhira ikafunsidwa.

A Kachipapa analankhula kwa nthawi yaitali. Anati makolo athu ankadya nsomba chifukwa chosaphunzira. Anati pansi pa Mfumu Mdyeratu mpasa zikuchita kulimbirana mbedza, ndipo zina zikuchokera ku maiko oyandikana nawo kudzapempha malo. Atamaliza, Mfumu inakwera m'bwato itavala zoyera zokhazokha, n'kuponya mbedza yake yagolide.

Anthu anaombera m'manja. Kenako anadikira. Amayi anaimba nyimbo ija mpaka kuibwereza, ana a sukulu awiri anakomoka ndi dzuwa, ndipo thukuta linayamba kudontha pa mphuno ya Mwini Dziko. Dzuwa lili paliwombo chingwe chinalimba. Mfumu inakoka, alonda awiri n'kuithandiza, ng'oma zinalira, ndipo pamwamba pa madzi panatulukira chiwaya chadzimbiri chitakoleka ndere.

Ng'oma zinaleka imodziimodzi.

Mfumu inayang'ana a Kachipapa. A Kachipapa anayang'ana Mtambalika, amene anali atagwira nkhafi kumbuyo kwa bwato.

"Iwe, nsomba ya boma ili kuti?"

"Yapita kumtunda, Bwana Nduna."

"Waitulutsa ndani?"

"Ine. Lamulo linati tigwire, tijambule, tibweze. Kugwira tinagwira, kujambula tinajambula. Kunatsala kubweza."

Mayi wa bungwe uja anafunsa womasulira kuti bamboyo akuti chiyani. Womasulirayo, amene anali ndi ana asanu ndi ntchito imodzi, anati bamboyo akuthokoza Mfumu chifukwa chochotsa zinyalala mumtsinje ndi manja ake. Mayiyo anaimirira n'kuomba m'manja yekha.

Mlandu unazengedwa masana omwewo pabwalo la loji, Mfumu ili woweruza. A Kachipapa anati Mtambalika wataya chuma chonse cha dziko m'madzi, wachititsa manyazi mbedza yagolide, ndiponso wasokoneza chilengedwe polola nsomba kupita kumene ikufuna. Anapempha kuti akakhale ku Simubwerako moyo wake wonse, ndipo akafa akhalebe komweko. Nangondo anali kumbuyo kwa gulu, atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Mfumu isanagamule, mayi wa bungwe anafunsa kuti munthu womangidwayo ndi ndani.

"Ndi msodzi," anatero womasulira.

"Msodzi weniweni, wa makolo? Alipo ambiri otere?"

Womasulira anafunsa Nduna, ndipo a Kachipapa anayankha monyadira kuti watsala yekhayu. Ena onse anapita kukaotcha makala, ena ali kundende.

Mayiyo anagwira pamtima. Anati bungwe lake lili ndi thumba lapadera lotetezera chilichonse chimene chatsala pang'ono kutheratu padziko, ndipo chikatsala chimodzi chokha thandizo lake limakhala lalikulu kwambiri. Womasulira anamasulira mawu amenewa onse bwinobwino, osasiyako ngakhale limodzi.

Mfumu inakhala tsonga. Inaitana a Kachipapa, ananong'onezana, ndipo nkhope zawo zinawala.

"Ife ndi boma losamala," inatero Mfumu. "Sitingalole kuti msodzi womaliza wa Zilibwino akafere kundende. Kuyambira lero munthu uyu ndi cholengedwa chotetezedwa. Womukhudza wakhudza ine."

Anamumangira mpanda wa waya pafupi ndi loji, mkati mwake kanyumba kaudzu ndi bwato lopanda madzi. Anamuvula malaya kuti azioneka wachilengedwe. Alendo akabwera, iye ankakhala m'bwatomo n'kumasoka ukonde wong'ambika, umene madzulo alonda ankaung'ambanso. Dokotala wa zinyama ankabwera kudzamuyeza kulemera ndi kumuyang'ana mano. Alendo anamukonda kuposa mvuu, chifukwa sankamira akafuna kumujambula.

Patapita miyezi ingapo Nangondo analoledwa kukamuona. Anaima pamzere pamodzi ndi alendo, kambale ka bonongwe kali m'manja, koma mlonda wa pageti anamulanda n'kumulozera chikwangwani choletsa kudyetsa cholengedwacho. Atafika pa waya anamuyang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanenepatu, abambo a Esinati."

"Akuti ndikaonda thandizo lichepa. Kunyumba kuli bwanji? Mwana?"

"Akukwawa. Dimba lathu mvuu zinamaliza. Achimwene anga akufunsa ngati kuno kuli malo ena, akuti nawonso anawedzapo ali mnyamata."

"Sangawalole. Tikakhala awiri mtengo utsika." Mtambalika anayang'ana uku ndi uku, n'kuyandikira pa waya. "Koma pali nkhani ina. Dzulo kunabwera akatswiri a bungwe lija. Akuti wamwamuna yekha sangapulumutse mtundu. Akufuna wamkazi. A Nduna atchula inu."

"Ine? Pa msinkhu uno? Ndi mdzukulu kumsana?"

"Ndinawauza. Akuti kafukufuku ndiye adzanene."

Nangondo anayang'ana kanyumbako, denga lake losadontha, thanki ya madzi pambali, ndi mlonda wa mfuti amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti mwamuna wake asalumidwe ndi kanthu.

"Amakudyetsani kangati patsiku?"

"Katatu. Lamlungu kumakhala nyama."

"Nanga mukadwala?"

"Dokotala amabwera yekha, ndi galimoto."

Mlendo wina anamukodola Nangondo kuti asunthe pang'ono, akutchinga chithunzi. Iye anasuntha, n'kumangitsa chitenje m'chiuno.

"Muwauze a Ndunawo kuti galimoto ibwere chakumasana," anatero. "Mmawa ndikhala ndikuchapa."